Tsiku la 28: kabakha kaboola chigoba koma sikakutuluka, ndithandizeni

Mayi_wa_Tibakha (Lachiwiri, 7:10 madzulo)

Madzulo abwino nonse. Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Aka n'koyamba kuika mazira a bakha m'makina ofungatirira, m'mbuyomu ndinkangoswetsa a nkhuku. Ndinaika 12 a mtundu wa Pekin, awiri ndinachotsa pa tsiku la 10 nditaunika ndi tochi n'kupeza mulibe kanthu. Lero ndi tsiku la 28. Tibakha tinayi tatuluka bwinobwino pakati pa dzulo usiku ndi lero m'mawa, tili m'bokosi pansi pa babu.

Vuto lili pa mazira atatu, ndinawalemba manambala ndi pensulo. Nambala 3 linaboola dzulo cha m'ma 1 koloko masana, ndiye kuti papita maola 30 tsopano, koma kabowo kadakali komweko. Mlomo ndikuuona, kakulira, koma nembanemba ya pabowopo yasanduka yofiirira ngati pepala lakale. Nambala 7 laboola lero m'mawa, koma ku mbali yosongoka. Nambala 9 ndikumva kakugogoda ndi kulira mkati kuyambira dzulo madzulo, chigoba sichinang'aluke n'pang'ono pomwe. Atatu enawo angoti zii. Kodi ndiswe zigoba nditulutse? Kulira kwa ka nambala 3 kukundilasa mtima.

Mnyamata_wa_Muscovy (7:18)

Amayi, maola 30 ndi ambiri. Nkhuku ikaboola imatuluka tsiku lomwelo. Sendani chigobacho msanga kasanafere momwemo.

Wa_Makhaki (7:21)

Ayi achimwene, tadikirani kaye. Amayi musasende chilichonse panopa. Bakha si nkhuku. Kuchokera pamene waboola kufika potuluka amatha maola 24 mpaka 48, ndipo ambiri mwa maola amenewo amangokhala phee. Tiuzeni kaye izi: kutentha kuli pa madigiri angati? Chinyezi chinali bwanji kuyambira poyamba, ndipo pano chili pati? Munasiya liti kutembenuza mazira? Makinawo mwawatsegula kangati chiyambire kuswa?

Mayi_wa_Tibakha (7:30)

Makina anga ndi a fani. Kutentha 37.5 kuyambira tsiku loyamba. Chinyezi ndinkachisunga pa 65 peresenti masiku onse, poganiza kuti bakha ndi wa m'madzi. Pa tsiku la 25 ndinasiya kutembenuza, ndinakweza chinyezi kufika 72. Za kutsegulazo ndinene zoona, ndatsegula kambirimbiri, mwina ka 7. Kalikonse kakatuluka ndimakachotsa nthawi yomweyo kuopa kuti kagubuduza mazira enawo. Pano chinyezi chikusonyeza 58.

Agogo_Oweta (7:52)

Mwanangu, khazikani mtima pansi. Kabakha kolira ndi kamoyo, ndipo kali ndi bowo lopumira, ndiye nthawi ilipo. Choyamba bwezerani chinyezi. Ikani siponji kapena kansalu koviika m'madzi ofunda m'makinamo kuti chifike 70 mpaka 75. Chinyezi chimakwera ndi kukula kwa malo amene madzi ayala, osati kuya kwake, ndiye kansalu kotambasula kamaposa kapu yodzaza. Timabowo ta mpweya ta makinawo musatitseke pofuna kusunga chinyezi, pa nthawi ino tibakha tikufuna mpweya wambiri kuposa masiku onse.

Tsopano mumve zimene zikuchitika m'dziramo, chifukwa mukazimva manja anu adzaleza okha. Masiku onsewa kabakha sikapuma ndi mapapo. Kamapuma kudzera m'mitsempha ya magazi imene yayala pa nembanemba pansi pa chigoba, ngati mizu. Masiku otsiriza kamalasa mlomo m'kachipinda ka mpweya ku mbali yaikulu ya dzira, n'kuyamba kuphunzira kupuma ndi mapapo. Ndi pamene mumamva kugogoda ndi kulira. Mpweya wa m'kachipindako ukayamba kuipa, kamamenya chigoba ndi kadzino ka pa nsonga ya mlomo mpaka kuboola. Kakaboola sikuti kakonzeka kutuluka ayi. Kwatsala ntchito ziwiri zazikulu. Magazi onse a m'mitsempha ija ayenera kubwerera m'thupi, mitsemphayo n'kufota. Chikasu cha dzira chimene chili kunja kwa mimba chiyenera kulowa mkati kudzera pa mchombo, mchombowo n'kutsekeka. Maola aja kali phee, kakugwira ntchito imeneyi.

Ine ndinaphapo kabakha ndi manja angawa, zaka zambiri zapitazo. Kanali kataboola maola 14 okha, kakulira mokweza, ine n'kuganiza kuti kakuitana thandizo. Ndinasenda chigoba ndi chikhadabo, nembanemba inang'ambikira limodzi, magazi anatsika m'chala changa mpaka pa dzanja. Nditakatulutsa, chikasu chinali lende pa mimba, chachikulu ngati nsonga ya chala chamanthu. Kanapuma m'dzanja mwanga mphindi zochepa, kenako basi. Kakanakhala ndi moyo ndikanangotseka makina n'kukagona. Mpaka lero ndikagwira dzira loboola ndimakumbukira kutentha kwa magazi aja.

Mlimi_Wakale (8:05)

Ine ndili ndi maganizo ena, ndipo ndimawanena nthawi zonse. Dzira lisathandizidwe. Bakha akafungatira yekha, palibe amene amamusendera zigoba. Kabakha kolephera kutuluka kokha kamakhala ndi chilema kapena ndi kofooka, mukakatulutsa mumangodzivutitsa, kamafa pa sabata, kapena kakakula kamafalitsa kufookako m'khola.

Chemwali_Runner (8:16)

Abambo, mfundo yanu ndi yoona pa theka. Tilipo tibakha tolephera chifukwa cha chibadwa, zoona, ndipo amene akusankha abakha ambewu ali ndi chifukwa chosasungira otere. Koma onani nkhani ya amayiwa. Chinyezi chinakwera masiku 25, kenako makina atsegulidwa ka 7, fani ikuuzira pa dzira loboola. Pansi pa make zimenezo sizikanachitika. Nembanemba ikauma n'kumata kabakha, ngakhale kamphamvu bwanji sikangazungulire. Cholakwa ndi cha makina ndi manja athu, ndiye ife tomwe tikonze. Ine ndili ndi abakha awiri amene ndinawathandiza chonchi, akuikira mazira chaka chachitatu tsopano.

Wa_Makhaki (8:24)

Ndikugwirizana ndi achemwali. Tiyeni titenge dzira limodzilimodzi, chifukwa lililonse lili ndi nkhani yake.

Lofunika msanga si nambala 3, ndi nambala 9. Ilo lakhala likulira mkati maola opitirira 24 popanda bowo, ndipo ndi chinyezi cha 65 kachipinda kake ka mpweya kayenera kuti ndi kakang'ono. Mpweya ungathe. Sambani m'manja ndi sopo, unikani ndi tochi m'chipinda cha mdima, mupeze malire a kachipinda ka mpweya, mulembe ndi pensulo. Muona mthunzi wa mlomo ukugwedera momwemo. Tengani kamsomali kakang'ono kapena sikuluwu yosongoka yoti mwaiwiritsa, mupotokole pang'onopang'ono pamwamba penipeni pa kachipindako, kutali ndi mlomo, mpaka patuluke kabowo kokwana mutu wa machesi. Osakhoma, kungopotokola. Pamwamba pa mzere wa pensulo palibe mitsempha, simuona magazi. Mukatero bwezerani, musachite china.

Nambala 7 lisiyeni. Kabakha kamene kaboola ku mbali yosongoka kanalibe kachipinda ka mpweya koyambira, ndiye bowo lija ndiko kupuma kwake koyamba. Anzake pofika poboola chigoba amakhala atapuma kale tsiku lathunthu. Choncho pa maola a anzake onjezerani tsiku lina. Mungoonetsetsa kuti kabowo kayang'ana m'mwamba ndipo nembanemba sinatseke mphuno.

Mayi_wa_Tibakha (9:02 usiku)

Ndachita. Manja amanjenjemera koma kabowo ka nambala 9 katheka, magazi sanatuluke. Nditangoboola kanalira mokweza kwambiri. Kachipinda kake n'kakang'onodi, sikakufika ndi pa gawo limodzi mwa magawo anayi a dzira. Chinyezi chafika 73. Nanga nambala 3?

Agogo_Oweta (9:20)

Mwachita bwino. Pa nambala 3 tingotsegula zenera kuti tione, osati kutulutsa. Konzeranitu zonse musanatsegule makina: kapu ya madzi ofunda oti munawawiritsa, thonje la m'makutu lija la pa kamtengo, kopanira kakang'ono kozulira nsidze, kathaulo kofunda, ndi vaselini kapena mafuta a kokonati. Tsekani mawindo, m'chipindamo musalowe mphepo. Dzira lisakhale kunja kupitirira mphindi 5.

Yambirani pabowopo, muzibenthula chigoba tizidutswa tating'ono kulowera ku mbali yaikulu, pamwamba pa kachipinda ka mpweya pokha. Dziwani kuti nembanemba zilipo ziwiri. Yakunja ndi yoyera ngati pepala, imamatirira ku chigoba, ilibe magazi. Yamkati ndi imene yakuta kabakha, ndipo mitsempha ili m'menemo. Ikauma imaoneka mbuu, simungaone kanthu. Ipakeni madzi ofunda pang'ono ndi thonje, isanduka yoonekera ngati pulasitiki, mitsempha ionekera. Samalani mphuno. Timabowo ta mphuno za bakha tili pamwamba pa mlomo cha kufupi ndi nkhope, dontho limodzi lokha likalowa kangatsamwe. Finyani thonjelo kaye, lisamadonthe.

Mutiuze ziwiri izi: mitsempha ikuoneka bwanji, ndipo mlomo ukuchita chiyani.

Mayi_wa_Tibakha (9:48)

Agogo, ndaona ndi maso anga zimene mumanena. Nditanyowetsa, mitsempha yaoneka psuu, itatu yaikulu ngati ulusi wosokera, ina ing'onoing'ono yambiri. Mlomo ukuchita ngati kakutafuna kenakake, nthawi zina kakuyasamula. Pafupi ndi bowo nembanemba inamatirira ku nthenga za pakhosi, yolimba gwa ngati guluu wouma. Ndikanamvera mtima wanga madzulo aja ndikanakapha.

Agogo_Oweta (9:55)

Kutafuna ndi kuyasamulako ambiri a ife timakutenga ngati chizindikiro chakuti chikasu chidakalowa. Pamodzi ndi mitsempha yofiirayo, yankho ndi limodzi: sikanakonzeke. Pakani vaselini pang'ono kwambiri pa nembanemba yoonekayo kuti isaumenso, madzi amauma msanga koma mafuta amakhalitsa. Bwezerani, bowo liyang'ane m'mwamba. Kagoneni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnyamata_wa_Muscovy (10:10)

Pepani amayi, ndinakulangizani molakwika. Ine anga amafungatira make, sindinaonepo mkati mwa dzira pa nthawi imeneyi. Ndifunse nawo: masiku 28 amenewa ndi a abakha onse? Anga amatha mwezi ndi sabata.

Chemwali_Runner (10:19)

Anuwo ndi Muscovy achimwene, aja a nkhope yofiira ya tizilonda tachibadwa, osalira mokweza. Iwo amatenga masiku 35, ndipo m'makina mumasiya kutembenuza cha pa tsiku la 31 kapena 32. Pekin, Khaki Campbell, Indian Runner ndi Rouen onse anachokera ku bakha wam'tchire wotchedwa mallard, awo ndi masiku 28. Anthu ambiri amataya mazira a Muscovy pa tsiku la 30 poganiza kuti asukusa, pamene muli tibakha tamoyo.

Mayi_wa_Tibakha (Lachitatu, 5:40 m'mawa)

Mwadzuka bwanji nonse. Tulo sindinatione kwenikweni, koma makina sindinatsegule, ndimangosuzumira pagalasi. Nambala 9 laboola lokha usiku, pambali pang'ono pa kabowo kanga. Nambala 3 ndangoliona kumene: mitsempha ing'onoing'ono yazimirira, iwiri yaikulu yasanduka yopyapyala, yofiirira, koma umodzi cha m'munsi udakali wofiira. Kutafuna kwachepa. Nambala 7 kakupuma, kakulira mwa apo ndi apo.

Wa_Makhaki (6:05)

Zikuyenda bwino. Mtsempha umodzi wofiira ndi wokwanira kudikirira. Pakaninso mafuta, mubwerereko masana. Mukaona kayamba kulira mwaukali, kukankha ndi miyendo, mutu ukugunda koma thupi losazungulira, ndiye kuti kakufuna kutuluka koma kamatidwa. Kabakha kabwinobwino kamazungulira m'dzira n'kumadula chigoba mozungulira ngati kutsegula chitini, ndipo kakayamba kudulako nthawi zambiri sikatha maola ambiri. Aka sikangathe chifukwa cha guluu wa pakhosi uja.

Mlimi_Wakale (6:30)

Ndikutsatira. Maganizo anga sindinasinthe pa abakha ambewu, koma ndivomere kuti kabowo ka nambala 9 kandiphunzitsa kanthu. Ndakhala ndikupeza tibakha takufa titalasa kale mlomo m'kachipinda ka mpweya, tathunthu, topanda chilema chilichonse chooneka. Mwina ena mwa amenewo anangobanika.

Mayi_wa_Tibakha (1:35 masana)

Katuluka! Ka nambala 3 katuluka! Masana ano kanayamba kukuwa ndi kukankha monga munanenera. Nditanyowetsa, mitsempha yonse inali itafota, yangotsala timizere tofiirira. Ndinafewetsa guluu wa pakhosi ndi madzi ofunda, zinanditengera nthawi chifukwa nthenga zimazuka ndikakoka, ndiye ndimangonyowetsa n'kudikira. Kenako ndinapinda nembanemba pang'onopang'ono kuchokera pa mlomo. Mutu unali pansi pa phiko lakumanja. Nditangomasula phikolo, khosi linatambasuka lokha, kanagwetsa mutu pa chala changa kali wefuwefu. Ndinaunika ndi tochi m'munsi, chikasu sindinachione. Sindinakakoke, ndinakabwezera m'makina theka la thupi lili m'chigoba. Patapita mphindi 40 kanadzikankha kokha.

Pali kachingwe kopyapyala kochokera pa mchombo kukamatirira ku chigoba. Ndidule?

Chemwali_Runner (1:44)

Mwagwira ntchito amayi, ndasangalala ngati kanga. Kusiya theka la thupi m'chigoba ndiye nzeru, kukankha komalizako kamayenera kuchita kokha. Kachingweko musakoke. Kauma n'kuduka kokha. Ngati kakukoka chigoba poyenda, dikirani kaume kaye ndiye mudule ndi sizasi yoyera, kutali ndi mimba. Kasiyeni m'makina mpaka nthenga ziume, ngakhale mpaka mawa. Njala sikamva, chikasu chimene chalowa m'mimba chimakasunga tsiku limodzi kapena awiri. Nthenga zikauma zolimba chifukwa cha zomatazo, mawa mungazipukute ndi kansalu kofunda kenako kupesa ndi mswachi wofewa.

Mayi_wa_Tibakha (7:15 madzulo)

Abale ndalakwitsa. Nditaona kuti nambala 3 latheka ndinalimba mtima, ndinati ndikulitse bowo la nambala 7 chifukwa kanachepetsa kulira. Nditangobenthula kachidutswa kamodzi magazi atuluka. Si ambiri, koma ayenderera pa chigoba. Nditani?

Wa_Makhaki (7:18)

Siyani pomwepo. Tengani tishu youma, mugwire pamene pakutuluka magazipo mopepuka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Osapukuta, osathira madzi, madzi amaletsa magazi kuundana. Onetsetsani kuti sanalowe m'mphuno. Akasiya bwezerani m'makina ndipo musalikhudze mpaka m'mawa.

Agogo_Oweta (7:41)

Musadzizunze mwanangu, tonse tinadutsamo. Dontho limodzi kapena awiri kabakha kamapirira. Koma muone kusiyana kwake. Ku mbali yaikulu muli kachipinda ka mpweya, ndiye pakati pa chigoba ndi mitsempha pali danga, mumabenthula momasuka. Ku mbali yosongoka danga palibe, mitsempha yagona pa chigoba penipeni. Ndiponso dzira limeneli langotha maola 35 chiboolereni, pamene tinati ilo ndi la maola 48 kapena kupitirira. Kuchepetsa kulira si vuto ngati kupuma kuli bwino, tibakha timagonanso m'dziramo. Mukafuna kudziwa ngati kali moyo, imbani kamluzu pafupi ndi galasi kapena gogodani pang'ono, kayankha.

Mayi_wa_Tibakha (8:10)

Magazi asiya. Ndaimba kamluzu, kayankha kawiri. Nambala 9 layamba kudula chigoba mozungulira, lafika theka.

Mayi_wa_Tibakha (9:30 usiku)

Ka nambala 9 katuluka kokha, konenepa, konyowa kwambiri kuposa anzake. Sindinatsegule.

Chemwali_Runner (9:42)

Kunyowa ndi kunenepako kukugwirizana ndi chinyezi cha 65 chija. Nditambasule pang'ono chifukwa ambiri timagwa m'mbuna yomweyi. Dzira limayenera kutaya madzi kudzera m'timabowo tosaoneka ta pa chigoba, pafupifupi 13 peresenti ya kulemera kwake pofika masiku oswa. Dzira la magalamu 90 lizilemera cha m'ma 78 pofika tsiku la 25. Madzi akamachoka kachipinda ka mpweya kamakula, mpaka kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira, ndipo kamapendekeka mbali imodzi. Chinyezi chikakhala chokwera masiku oyambirira madzi satuluka. Kachipinda kamakhala kakang'ono, kabakha kamatupa n'kusowa potembenukira, ndipo madzi omata otsala aja ndi amene amasanduka guluu mphepo ikawaomba. Tina timalasa mlomo m'kachipinda n'kupeza madzi, timamira. Choncho chinyezi chochuluka poyamba ndi kutsegulatsegula pomaliza zinagwirizana kukuvutitsani.

Ine masiku 25 oyamba ndimasunga 45 mpaka 55, koma nambala ya pa makina sindiikhulupirira kuposa dzira lenilenilo. Ndimaunika pa tsiku la 7, 14, 21 ndi 25, n'kulemba malire a kachipinda ndi pensulo. Mizere ikamayandikana kwambiri ndimachepetsa madzi, ikamatalikirana kwambiri ndimaonjezera. Kuyambira cha pa tsiku la 10 ndimatsegula makina kamodzi pa tsiku kwa mphindi 10, mazira azizire pang'ono, n'kuwawaza madzi ofunda, monga zimakhalira make akapita kosamba n'kubwera nthenga zili zonyowa. Zimathandiza dzira kutaya madzi bwino. Pa tsiku la 25 ndimasiya zonsezi.

Wa_Makhaki (9:58)

Ndionjezereko za kachipangizo koyezera chinyezi, chifukwa tambiri timanama. Kayeseni chonchi: thirani mchere m'kachivindikiro ka botolo, dontheza madzi pang'ono kuti unyowe ngati mchenga wa m'mbali mwa mtsinje koma usasungunuke. Ikani mcherewo ndi kachipangizoko m'pepala la pulasitiki lotseka bwino usiku wonse. M'mawa kayenera kusonyeza 75. Kakasonyeza 68, dziwani kuti kamachepetsa ndi 7, muzionjezera nthawi zonse powerenga. Kanga koyamba kankanama chonchi, ndinataya mazira maulendo awiri ndisanazindikire.

Mayi_wa_Tibakha (Lachinayi, 10:20 m'mawa)

Nambala 7 lakwanitsa maola 50. Ndinanyowetsa m'mbali mwa bowo, mitsempha yafota. Ndinabenthula pang'onopang'ono, magazi sanatuluke, ndamasula mutu ndi phiko. Koma kanakankha mwamphamvu n'kutuluka konse ndisanakonzeke, ndipo pa mchombo pali kachikasu kotsala kakang'ono ngati nsonga ya chala chaching'ono. Sikanaphulike. Agogo ndikukumbukira nkhani yanu ija, ndili ndi mantha.

Agogo_Oweta (10:26)

Kanga kaja kanafa ndi kutha magazi, kanu magazi kali nawo. Kachikasu kotere kangalowe. Chofunika n'chakuti kasaphulike ndipo kasaume. Musakakankhire mkati ndi chala. Tengani kapu yaing'ono yoyera, yalani tishu yonyowa pang'ono ndi madzi ofunda owiritsa, mukhazike kabakha m'menemo mimba pansi, miyendo yopinda monga kanalili m'dzira, mutu kunja. Ngati m'munsi mwa chigoba mudakali bwino, kabwezereni momwemo kaye ndiye muike chigobacho m'kapu. Kapuyo ilowe m'makina, ikhale poti singagwe. Tinzake tiwiri tija tauma, tichotseni tsopano pa ulendo umodzi womwewu, tingakapondeponde kapena kujompha pa mchombo. Tishu muzisintha ikauma, m'manja mosamba, chifukwa mchombo wotseguka ndi khomo la matenda.

Mlimi_Wakale (11:02)

Nanga atatu a zii aja? Lero ndi tsiku la 30. Aunikeni. Ngati mulibe kugwedera kulikonse, ndipo pansi pa kachipinda ka mpweya mitsempha sikuoneka, achotseni. Dzira lowola likaphulikira m'makina momwe muli kabakha ka mchombo wotseguka, mutaya kamene mwakavutikirako. Linunkhizeninso, lowola silibisala.

Mayi_wa_Tibakha (3:45 masana)

Ndawaunika, onse atatu mulibe moyo. Ndinawatsegulira panja kuchokera ku mbali yaikulu. Limodzi linafa kalekale, kanali kakang'ono. Awiri munali tibakha tathunthu ta nthenga, mlomo usanalowe m'kachipinda ka mpweya, madzi ambiri m'kati, chikasu chonse chili kunja. Zandiwawa, chifukwa ndikuona kuti ndi chinyezi chija. Kachipangizo ndikayesa ndi mchere makina akangotha ntchito.

Ka m'kapu kakugona, kakadzuka kakulira. Kachikasu kachepa ndi theka.

Chemwali_Runner (4:01)

Pepani amayi pa awiriwo. Mwachita bwino kutsegula, ambiri amangotaya osaona, ulendo wotsatira n'kubwereza zomwezo. Mukatha musambe m'manja bwinobwino, ndipo makinawo mudzawatsuke ndi kuwaumitsa musanaikemo mazira ena.

Mayi_wa_Tibakha (Lachisanu, 6:50 m'mawa)

Mwadzuka bwanji. Kachikasu kalowa konse, pa mchombo pangotsala kankhanambo kakuda. Kanatuluka kokha m'kapu usiku, ndakapeza kataima, ngakhale kakudzandira. Ndinaviika nsonga ya mlomo m'madzi, kanameza n'kukweza mutu. Ndikasakanize ndi anzake 6 aja?

Agogo_Oweta (7:12)

Nkhani yabwino kudzuka nayo. Kaikeni m'bokosi lomwelo kuti kazimva anzake, koma mutchinge ndi kawaya kapena kakatoni mpaka mawa, oyamba aja ali ndi masiku atatu ndipo ndi amphamvu. Pansi pa babu pakhale madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, mbali ina ya bokosi ikhale yozizirirapo kuti kotenthedwa kathawireko. Pansi muyale thaulo lakale, osati nyuzipepala kapena pulasitiki, poterera miyendo imatangadza ndipo kofooka ngati aka ndiye koyamba kupunduka. Madzi akumwa akhale oti mlomo ulowe mpaka pa mphuno koma thupi lisalowe, muikemo timiyala. Tibakha ta m'makina tilibe mafuta a make pa nthenga, tikanyowa timazizidwa msanga. Aka kasayandikire madzi osambira mpaka nkhanambo ya pa mchombo itagwa yokha.

Mayi_wa_Tibakha (7:30)

Ndamva agogo. Ndadula kakatoni, ndakaika mbali ya kufupi ndi babu. Ka nambala 3 kabwera kudzagona tsidya lina la katoniyo, tikulirirana. Mchombo ndiuonanso masana.